Dokotala wa Mamina ndi Firiji Yake

Zinayamba m'chaka cha 1979, m'nyengo yozizira. Pa 2 Julayi achimwene anga anaika m'manda mwana wawo wotsiriza, khanda la miyezi isanu, limene linadwala chifuwa masiku ochepa chabe, likupuma ngati likukoka mpweya m'kabango. Alamu anga atachoka kumanda anangogona chafufumimba osafuna kudya. Sabata yotsatira achimwene anafika kwathu atagwira dzanja mwana wawo woyamba, mtsikana wa zaka khumi ndi chimodzi. Anati ndimusunge mpaka amayi ake atapezako bwino. Anakhala nane mpaka anakula.

Nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa kusukulu ya pulayimale, ndipo ndinkakhala m'nyumba ya zipinda ziwiri. Mwanayo sankaona bwino. Ndinazindikira nditamupeza akuwerenga kalendala mphuno itagunda khoma. Tinamugulira magalasi okhuthala ngati pansi pa botolo, ndipo anzake anamupatsa dzina limene silinamuchokenso: Magalasi.

Sanali mwana wolira. Anali wofunsa. Tsiku lina tikuyanika zovala anati:

"Azakhali, chinapha mwana wathu n'chiyani?"

"Chibayo, mwana wanga."

"Chibayo ndi dzina chabe. Ndikufunsa chimene chinalowa m'chifuwamo."

Ine mphunzitsi wathunthu ndinangomuuza kuti andipatse mapegi.

Anamaliza sekondale mu 1986 atakhoza bwino kuposa anzake onse, ndipo anatengedwa kuyunivesite. Tonse tinkayesa kuti tapeza dokotala m'banja. Iye anasankha maphunziro a tizilombo toyambitsa matenda, makamaka mavairasi, timene ngakhale makina wamba oonera tinthu ting'onoting'ono satiwonetsa. Bambo ake atamva anakanda m'mutu.

"Ndiye udzakhala dokotala kapena ayi?"

"Dokotala wa tizilombo, bambo."

"Tizilombo timadwalanso? Nanga bondo langali adzalione ndani?"

Anayamba ntchito pa 1 Okutobala 1990 mu labotale ya pachipatala chachikulu. Ntchito yake inali iyi: nyengo yozizira ikafika, wodi ya ana ikadzaza mpaka makanda awiriawiri pabedi, iye ankayenda bedi ndi bedi ndi timitengo ta thonje kumapeto. Ankapempha chilolezo kwa mayi, n'kupisa kamtengo m'mphuno mwa mwana, n'kukaponya m'kabotolo ka madzi ofiirira kosaposa chala chaching'ono. Pakabotolo ankamatapo kapepala ka nambala ndi tsiku. Ankafuna vairasi imodzi yokha, imene imatseka tinjira ta mpweya m'chifuwa cha khanda.

Mu 1993 anapeza mwayi wokapitiriza maphunziro kunja. Ananyamula timabotolo ta zaka zitatu m'chibokosi chotulutsa utsi wozizira, akuchisamala kuposa sutikesi yake. Kumeneko anagwira ntchito pansi pa pulofesa wina wotchuka. Mu 1997 zotsatira za kafukufuku wa timabotolo timeneti zinasindikizidwa. Pamwamba panali mayina asanu ndi limodzi. Lake linali pansi penipeni, m'timalemba ting'onoting'ono, pamene amathokoza anthu amene anathandiza kutolera. Pobwerera atapempha timabotolo take totsala, anamuuza mwaulemu kuti tsopano ndi katundu wa yunivesite, koma akafuna kutigwiritsa ntchito atha kulemba pempho.

Anafika pa 12 Disembala 1998, digiri ya udokotala ili m'chikwama. Sanalole kuti timupangire phwando. Anakhala pakhonde langa atavula nsapato, n'kunena mosakweza mawu:

"Azakhali, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Sindidzapatsanso munthu kabotolo ngakhale kamodzi."

Firiji inabwera pa 9 Malichi 1999, yogulidwa ndi thandizo limene anapempha yekha. Sinali ngati za m'nyumbazi. Inali yaitali kuposa munthu, yonenepa ngati kabati ya zovala, ndipo inkazizira mpaka madigiri 80 kutsika pansi pa ziro. Anaiika m'kachipinda kopanda zenera kumapeto kwa khonde la labotale. Anaikitsa chitseko chachitsulo ndi loko wamkulu. Pachitsekopo panali chizindikiro chachikasu chochenjeza za tizilombo toopsa, ndipo pansi pake lamulo limene analemba yekha: munthu aliyense asalowe muno popanda ine. Kiyi anali mmodzi. Anamumangirira kuchingwe cha nsapato n'kumuvala m'khosi.

Ine ndinalowamo kamodzi kokha, mu Ogasiti 2004. Anandiveka chijasi choyera ndi chophimba pakamwa. M'katimo munkamveka kulira kwa injini kosadukiza, kumene umakumva ndi m'mapazi momwe. Anavala magolovesi okhuthala ofika m'zigongono n'kutsegula. Utsi woyera unatsikira pansi n'kutizinga m'miyendo. M'mashelefu munali timabokosi ta makatoni tooneka ngati tathiridwa shuga, pa kalikonse palembedwa chaka.

"Aliyense mwa ana amenewa ndinamugwira mutu ndi dzanja langa," anatero. "Ena tsopano ali kusukulu. Ena anafa tsiku lomwelo."

Anandifotokozera kuti vairasiyo imasintha chaka ndi chaka. Munthu akakhala ndi ya zaka makumi awiri ndi zisanu zotsatizana, osadumpha chaka, atha kuona njira imene ikudzera, ndipo opanga katemera sangamaponye mwala mumdima.

"Chodabwitsa n'chakuti n'kofooka, Azakhali. Kamapha mwana, koma kakangofunda pang'ono kamafa. Moyo wanga wonse uli pa kuzizira kumeneku."

Anatseka msanga. Anati chitseko sichikhala chotsegula kupitirira mphindi imodzi.

Anali atakwatiwa pa 26 Ogasiti 2000 ndi mwamuna wina wa ntchito zomanga misewu, munthu wanthabwala, woseka ndi thupi lonse. Ndiye anamupatsa dzina lachiwiri. Alendo akabwera ankati, "Awa ndi akazi anga, Dokotala wa Mamina. Muli ndi chimfine? Musamine, n'chuma chimenecho." Poyamba Magalasi ankaseka nawo. Mwana wawo wamkazi, mdzukulu wanga, anabadwa pa 3 Novembala 2001.

Koma firiji ija sinkagona. Magetsi akathima, jenereta inkayenera kulira nthawi yomweyo, ndipo sinkalira nthawi zonse. Anaikitsa belu limene, kuzizira kukayamba kuchepa, linkalira pakhonde komanso kuimba foni yake. Nambala anaikamo yake yokha. Foni imeneyo inamudzutsa patebulo akudya, inamutulutsa m'tchalitchi, inamuchotsa pa tsiku limene mwana wake ankalandira mphoto kusukulu. Sankayenda ulendo wogona. Misonkhano ya akatswiri anzake ankatumako ena.

Achimwene anamwalira pa 19 Meyi 2007. Tili pamaliro, bokosi lisanatuluke m'nyumba, foni inalira. Ndinamuona akuyang'ana foniyo, n'kuyang'ana bokosi. Anadzuka pakati pa azimayi, nsalu ikukwekwereka, n'kukakwera galimoto. Anthu anayankhula chaka chathunthu.

Mwamuna wake nthabwala zake zinayamba kukhala ndi minga.

"Azakhali, inu simudziwa kuti m'nyumba muno tili amuna awiri? Wamkulu amakhala kuntchito, m'chipinda chake chake. Ine ndine wamng'ono, wongothandiza kugula sopo."

"Bola mnzanuyo sayankhula," anayankha Magalasi, maso ali pa mapepala.

"Sayankhula? Akangoti tswii, umathamanga wopanda nsapato. Ine ndikhoza kufa muno, ungadzandione mawa."

Anachoka pa 7 Febuluwale 2009. Panalibe ndewu. Anapakira zovala zake ndi wailesi, n'kupsompsona mwana pachipumi.

Mdzukulu wanga anakulira kwambiri kwa ine. Ali ndi zaka khumi ndi zinayi anandiuza nkhani imene ankaikumbukira: akadwala chifuwa ali wamng'ono, amayi ake ankayamba amupisa kamtengo m'mphuno, kenaka n'kumunyamula.

"Agogo, mamina anganso ali m'menemo. Mwina ndiye amawakonda kuposa mwini wake."

Ndinamukalipira, koma mawu ake anandikhala pamtima.

Kuntchito Magalasi anali ndi wachiwiri wake, bambo wamtali wofatsa amene anamuphunzitsa yekha ntchito kuyambira ali mnyamata. Anzake ankangomutcha Wamtali. Anagwira naye zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri osagwirako kiyi uja. Kangapo konse anamupempha kuti madzi a m'kabotolo kalikonse aziwagawa pawiri, theka lizikasungidwa kwina, monga amachitira m'malabotale ena. Anzawo akunja anadzipereka kuwasungira. Labotale ina ya m'dziko momwemo inatinso ili ndi malo.

"Adokotala, firiji ndi chitsulo," ankatero Wamtali. "Chitsulo chimatopa."

"Ndikudziwa. Koma chitsulo sichiba."

"Nanga ine ndingakubereni?"

"Iwe ayi. Koma ndiwe wofatsa. Akadzabwera ndi mawu okoma ndi tiketi ya ndege, udzawatsegulira."

Pofika 2022 m'firijimo munali timabotolo toposa zikwi makumi atatu. Kunatsala zaka ziwiri kuti zikwane zimene ankafuna. Makina owerengera chibadwa cha vairasi, amene anawapempha kwa nthawi yaitali kuti ntchito yonse ichitikire pomwepo osatumiza kanthu kunja, anali atalonjezedwa kuti afika chaka chotsatira.

Thupi lake ndi limene silinadikire. Kuyambira 2018 anali ndi zotupa m'chiberekero ndipo ankataya magazi ambiri. Madokotala anzake ankamuuza za opaleshoni, iye ankati chaka chamawa. Pa 20 Seputembala 2022 anagwa pakhonde la labotale, m'maso muli mbee. Apo ndiye anavomera. Anasankha yekha nyengo yotentha, pamene ana achifuwa amachepa, pa chipatala china cha mbali ina ya tauni. Tsiku linali Lachisanu, pa 14 Okutobala.

M'mawa wa tsikulo tinali pabedi pake ine, mwana wake ndi Wamtali. Wamtali anayankhula, chipewa chili m'manja.

"Adokotala, kiyi uja. Kwa lero lokha."

"Pofika madzulo ndikhala nditadzuka. Foni ikhala pompano. Firiji imene yakhala zaka zonsezi ingasankhe lero?"

Namwino anabwera ndi envulopu yakhaki. Anaikamo foni, wotchi ndi magalasi, kenaka analoza pakhosi.

"Mayi, chithumwacho muvule. Ku fiyeta salowa nacho."

Magalasi anavula yekha, n'kuonetsetsa envulopu ikumatidwa, ngakhale popanda magalasi sankaona kanthu. Anatembenukira kumene kunali mwana wake.

"Asatsegule munthu. Wamva?"

"Ndamva, amayi."

Opaleshoni siinayende bwino. Magazi anakana kusiya, ndipo masana anamubwezanso ku fiyeta. Atatuluka anamugoneka m'chipinda cha odwala mwakayakaya, chipaipi chili kukamwa, makina akumupumira. Dokotala anatiuza kuti tipemphere.

Masana omwewo, cha m'ma thili koloko, injini ya firiji inaima. Magetsi analipo. Inangotopa. Belu linayamba kulira pakhonde la labotale, ndipo foni inkaitana m'envulopu, m'kabati yokhoma ya anamwino.

Wamtali anayamba kuthamangathamanga. Anakhuthula firiji ina ya m'chipinda chapamwamba kuti papezeke malo. Anaitanitsa wokonza mafiriji, amene anafika ndi bokosi lake la zipangizo n'kukhala pabenchi kuyang'ana chitseko. Kenaka Wamtali anapita kwa mkulu woona za chitetezo kukapempha kuti athyole loko. Mkuluyo anawerenga chizindikiro chachikasu chija, n'kuwerenganso lamulo la pansi pake.

"Mwini wake analemba kuti asalowe munthu. Akudziwa zimene zili m'katimo ndi iyeyo. Chikatuluka chinthu n'kugwira anthu, adzamange ndani? Dikirani bwana."

"M'menemo muli vairasi ya chifuwa cha ana basi. Ndikuidziwa ine."

"Munalowamo nokha chiyambire?"

Wamtali anapita kukaimba foni. Bwana wamkulu wa labotale anali kumsonkhano kunja, foni yake siinkapezeka.

Loweruka m'mawa Wamtali anatipeza pabenchi kunja kwa chipinda cha odwala mwakayakaya. Anali atafunsa kale anamwino, ndipo anamuuza kuti envulopu angaipereke pokhapokha wachibale amene analembedwa atasainira. Wolembedwayo anali mdzukulu wanga. Mtsikanayo anali asanagone, maso atatupa. Wamtali anagwada pa simenti, munthu wamkulu wa imvi.

"Chemwali, ndithandizeni. Firiji yaima kuyambira dzulo. Tikatsegula lero tipulumutsa zambiri."

Mtsikanayo anamuyang'ana ngati sakumudziwa.

"Amayi anga ali umo, sakupuma okha. Inu mwabwera kudzazonda firiji?"

"Ndi ntchito yawo yonse, chemwali. Akadzadzuka..."

"Akadzadzuka? Mwawaona? Lowani mukawaone kaye!"

Ndinamugwira paphewa. "Mwana wanga, asainire bambowa. Ndi zimene amayi ako akanafuna."

"Agogo, inunso? Munalipo. Anati asatsegule munthu. Mawu otsiriza amene anandiuza ndi amenewo. Sanati usaope, sanati ndimakukonda. Anati asatsegule munthu. Ndiye ndikuchita zimene ananena."

Anadzuka n'kukaima pazenera lagalasi loonera m'chipindamo, atatifulatira. Tinamuchonderera mpaka dzuwa linafika paliwombo. Wamtali anabweranso Lamlungu. Mtsikanayo sanatembenuke n'komwe.

Bwana anafika Lolemba pa 17 Okutobala ndipo analamula nthawi yomweyo kuti wowotcherera zitsulo adule loko. Amene analipo akuti madzi anali atayamba kale kutuluka pansi pa chitseko. M'kachipindamo munali motentha ngati mu uvuni. Makatoni anali atanyowa n'kuphwasuka, timabotolo titakhuthukira pamodzi pansi pa firiji. Timapepala ta manambala, makamaka ta zaka zoyambirira, tinali titamatuka n'kumayandama patokha.

Magalasi anatsitsimuka Lachiwiri. Atangomuchotsa chipaipi, dzanja lake linapita pakhosi. Tinamuuza kuti kiyi ali m'envulopu, osatsegula. Anamwetulira n'kugonanso. Dokotala anatiletsa kumuuza kanthu mpaka atalimba.

Amene anamuuza ndi Wamtali, Lachisanu pa 21. Anaima kumiyendo kwa bedi n'kufotokoza zonse mwadongosolo, monga mmene anamuphunzitsira kupereka lipoti. Sanatchule za mwana. Magalasi anamvetsera maso ali kudenga.

"Kuzizira kunafika pati pamene munatsegula?"

"Kunalibe kuzizira, Adokotala."

"Bwanji sunathyole chitseko?"

"Munalemba kuti asalowe munthu."

"Ndipo iwe unamvera."

"Zaka zonsezi munandiphunzitsa kumvera."

Magalasi anatseka maso. Mdzukulu wanga, amene anali pakona, anayankhula.

"Anabwera kudzapempha kiyi, amayi. Kawiri. Ndinakana ndine."

Magalasi anatsegula maso. Ndinkamva mawilo a machira akudutsa pakhonde.

"Unakana chifukwa ndinakuuza, kapena chifukwa unkafuna kuti ife?"

"Sindikudziwa, amayi."

Magalasi anagwedeza mutu pang'onopang'ono ngati wamva zotsatira zimene ankaziyembekezera. Anapempha madzi akumwa. Nkhaniyo sanaiyambitsenso, ndipo mwana wake sanaiyambitsenso. Ankakhala m'nyumba imodzi, kupatsana moni ndi kufunsana za mankhwala, mwaulemu ngati anthu ongokumana m'basi.

Anabwerera kuntchito Lolemba pa 9 Januwale 2023, akuyenda chowerama. Wamtali anali atatola timabotolo tonse n'kutiika m'firiji yapamwamba ija, poganiza kuti mwina china chingapulumuke. Kwa mwezi wathunthu Magalasi anayesa kudzutsa vairasi kuchokera m'timabotolo timene tinali tidakali ndi manambala. Palibe chimene chinamera. Wamtali anati makina atsopano atha kuwerengabe zidutswa za chibadwa chake ngakhale itafa. Iye anatola kabotolo kopanda pepala n'kukaimika patsogolo pake.

"Aka n'ka chaka chiti? N'ka mwana uti? Ukandiuza, tiwerenga."

Zaka khumi zoyambirira zinali zitasanduka mulu umodzi wosadziwika mutu wake. Zotsalazo zinali ndi mipata ngati mano a nkhalamba.

Lamulo la ntchito yawo limati zinthu zotere aziphe ndi nthunzi mu mphika wamagetsi asanakaziwotche. Magalasi anakana kuti wina amuchitire. Tsiku lililonse ankadzaza matumba ofiira, kuwamanga, kuwalowetsa mumphikamo, kukhala pampando kudikira, kenaka kuwakankha yekha pa wilibala mpaka kung'anjo ya kuseri kwa chipatala. Madzulo ankadzera kwathu, zovala zikununkha pulasitiki wopsa, n'kukhala pakhonde. Ndinkamuikira tiyi, ankamusiya mpaka kuzizira.

Makina aja anafika pa 14 Malichi. Anawatsitsa pa lole m'chibokosi chamatabwa n'kuwaika pakhonde. Magalasi anawadutsa osaima.

Bwana anamuitana mu ofesi n'kumuuza kuti firiji yatsopano ipezeka, ndipo palibe amene akumuimba mlandu. Wamtali anamutsatira mpaka panja.

"Adokotala, kuzizira kwayandikira. Ana ayamba kubwera mwezi wamawa. Tiyambirenso."

"Ndili ndi zaka makumi asanu ndi zisanu. Werengera wekha kuti ndidzafika liti pamene ndinali."

"Ndiye ndiyamba ine. Mudzingondiyang'anira."

"Yamba. Koma usandiitane kudzaona kabotolo koyamba."

Thumba lotsiriza analiwotcha Lachinayi. Mawa lake anapukuta tebulo lake ndi mankhwala, anapachika chijasi choyera pamsomali, n'kutsanzika anzake mmodzimmodzi powagwira chanza. Anakana phwando, anakananso galimoto ya kuntchito. Ine ndinkamudikira pageti ndi ambulera chifukwa kunkawaza. Anatuluka atanyamula kapu yake ya tiyi ndi nsapato zosinthira m'kathumba, ndipo mlonda atamufunsa ngati abwerenso Lolemba, anati ayi. Linali Lachisanu, pa 28 Epulo 2023.